Za Mapulaneti Aakulu Oyenda Pafupi ndi Nyenyezi Zakutali

Chichewa chili ndi liwu limodzi, lakuti nyenyezi, lotchulira zowala zonse zazing'ono za kuthambo, koma zowalazo zili za mitundu iwiri yosiyana kutalitali. Zambirimbiri mwa izo ndi madzuwa, ndiko kunena kuti zimoto zazikulu zoyaka zokha monga liyakira Dzuwa, ndipo zioneka zazing'ono chifukwa cha kutalikira basi. Zina zowerengeka zilibe moto wakewake ayi. Ziwala ndi kuunika kobwereka kwa Dzuwa monga uchitira Mwezi, ndipo zilizungulira Dzuwalo kosalekeza. Nthanda, imene alimi ndi apaulendo aidziwa bwino, ili ya mtundu wachiwiriwu. Zoterezi zitchedwa mapulaneti, liwu lochokera ku Chigiriki lotanthauza oyendayenda, pakuti anthu akale anaona kuti pamene nyenyezi zina zonse zisunga malo ake pakati pa zinzake, izi zisendera usiku ndi usiku. Dziko Lapansi nalonso ndi pulaneti. Mphunzitsi amene sanasiyanitse mitundu iwiriyi m'mutu mwake adzavutika kutsata nkhani ili m'munsiyi, ndipo ana ake adzavutika koposa.

Popeza nyenyezi ndi madzuwa, funso lidza lokha lakuti, kodi nazonso zili ndi mapulaneti ake? Anthu anaganiza chomwecho kwa zaka mazana, koma kuganiza si kupeza. Kufikira chaka cha 1995 panalibe munthu wokhoza kuloza nyenyezi yonga Dzuwa ndi kunena motsimikiza kuti, iyi ili ndi pulaneti. Ndipo pamene loyamba linapezeka, linapezeka pamalo pamene akatswiri ambiri ankati pulaneti lotero silingakhalepo.

Banja la Dzuwa

Dzuwa lili ndi mapulaneti 8, ndipo akhala m'dongosolo looneka bwino. Anayi a pafupi, ndiwo Mercury, Venus amene ndi Nthanda ija, Dziko Lapansi ndi Mars, ali aang'ono ndiponso a miyala. Anayi a kutali, ndiwo Jupiter, Saturn, Uranus ndi Neptune, ali aakulu, ndipo awiri oyambawo pafupifupi thupi lawo lonse ndi mpweya wopepuka wa hydrogen ndi helium. Mkulu wa onse ndiye Jupiter. Kulemera kwake kuposa kwa Dziko Lapansi kuwirikiza ka 318; akhala pa mtunda wa makilomita 778 miliyoni kuchokera ku Dzuwa, ndipo atha zaka pafupifupi 12 kuti alizungulire kamodzi. Mercury, amene ayandikira Dzuwa koposa onse, ali pa makilomita 58 miliyoni, nazungulira m'masiku 88 okha. Lamulo lake n'lakuti pulaneti likayandikira, chaka chake chifupika.

Manambala a mamiliyoni salowa m'mutu wa mwana, ngakhale wa mkulu yemwe, koma pa bwalo la sukulu zinthuzi zioneka. Mpira wa miyendo ukaikidwa pansi kuti ukhale Dzuwa, Mercury adzakhala kamchenga pa mamita 9, Dziko Lapansi kanjere ka mawere pa mamita 24, ndipo Jupiter adzakhala chipatso chimodzi cha masau pa mamita 123, kunja kwa bwalo. Nyenyezi yoyandikana ndi Dzuwa koposa zonse, Proxima Centauri, idzakhala pa makilomita oposa 6,000. Mpira uja utakhala ku Lilongwe, woifuna nyenyeziyo adzafika ku Cairo asanaione.

Akatswiri anali ndi chifukwa chomveka cha dongosolo limeneli. Nyenyezi ikamabadwa izingidwa ndi mtambo wa mpweya ndi fumbi, wophwatalala ngati lichero, umene uizungulira. Pafupi ndi nyenyeziyo n'kotentha, kotero madzi sangaundane, ndipo zomangira pulaneti zilipo zochepa, miyala ndi chitsulo zokha. Kutali n'kozizira, kumeneko madzi aundana ngati matalala namamatirana ndi fumbi, ndipo chibuluma chikula msanga. Chikalemera kuposa Dziko Lapansi kakhumi kapena chapompo, mphamvu yake yokoka iyamba kumeza mpweya wa mumtambo muja, kufikira chisanduka chimphona chonga Jupiter. Chotero, anatero akatswiri, pulaneti lalikulu liyenera kubadwira kutali ndi kuyenda pang'onopang'ono. Maganizo amenewa sanali opusa ayi, ndipo mbali yake yaikulu ikali chiimire. Chilema chake chinali chakuti anawatenga pa banja limodzi lokha, popeza panalibe lina loliyerekeza nalo, ndiponso anthu anangoyesa kuti kumene pulaneti libadwira ndi komwe likhala masiku onse.

Kudziwa chinthu chosaoneka

Pulaneti loyandikana ndi nyenyezi yake silioneka ngakhale m'telesikopu yaikulu, chifukwa kuwala kwa nyenyeziyo kulibisa. Dzuwa liwala kuposa Jupiter kuwirikiza ka 1,000 miliyoni. Munthu woima pa phiri usiku aona nyali ya galimoto kutali m'chigwa, koma inswa youluka pambali pa nyaliyo sangaione konse.

Komabe chinthu chosaoneka chikhoza kudziwika ndi ntchito zake. Sizili zoona kwenikweni kunena kuti pulaneti lizungulira nyenyezi yoima duu. Ziwirizi zikokana, ndipo zonse zizungulira malo amodzi a pakati pawo. Mphunzitsi akhoza kuonetsa ichi ndi ndodo, atalasa dzungu ku nsonga imodzi ndi ndimu ku nsonga inayo. Akamanga chingwe pamalo pamene ndodoyo ilendewera mosapendekeka, adzaona kuti malowo ali pafupi zedi ndi dzungu. Ndipo akaizunguza, ndimu idzayenda njira yaikulu, koma dzungu nalonso lidzayenda kanjira kake kakang'ono. Kukanakhala mdima, dzungulo n'kukhala lowala koma ndimu yosaoneka, munthu wochenjera akanadziwa ndi kugwedezeka kwa dzungu kuti ku nsonga inayo kuli kanthu, ndipo akanatha kuwerengera kulemera kwake ndi nthawi imene kazungulira.

Tsoka lake n'lakuti kugwedezekako n'kochepa. Dzuwa lilemera kuposa Jupiter kuwirikiza ka 1,047, motero Jupiter aliyendetsa pa liwiro la mamita 12.5 pa sekondi, ndiwo makilomita 45 pa ola, monga galimoto yoyenda mofatsa m'tauni. Dziko Lapansi liliyendetsa masentimita 9 okha pa sekondi, amene ali mayendedwe a kamba. Nanga liwiro lotere munthu angaliyese bwanji pa chinthu chimene kuwala kwake kwatha zaka makumi panjira?

Yankho lili m'chinthu chimene mwana aliyense wokhala pafupi ndi msewu anachimvapo. Galimoto ikamadza ili kuliza hutala, mawu ake amveka okwera. Ikangopitirira, mawuwo atsika. Christian Doppler wa ku Austria anafotokoza chifukwa chake mu 1842. Mawu ayenda m'mafunde, ndipo chinthu chikamayandikira mafunde ake afika othinana, chikamachoka afika otanuka. Kuwala nakonso ndi mafunde, ndipo kuchita chimodzimodzi. Tsono kuwala kwa nyenyezi kukapyola m'galasi la mbali zitatu kugawanika mitundumitundu ngati utawaleza, kuyambira kufiira mbali ina kufikira buluu mbali inayo. M'utawaleza wa Dzuwa Joseph von Fraunhofer wa ku Germany anapeza mu 1814 timizere takuda mazanamazana, ndipo pambuyo pake kunadziwika kuti timizereto tichokera ku zinthu za mumpweya wa nyenyezi, monga chitsulo ndi sodium, zimene zimeza kuwala, chilichonse pamalo pakepake. Timizereti tili ngati zizindikiro za pa rula. Nyenyezi ikamayandikira, tonse tisendera ku buluu. Ikamachoka, tisendera kofiira. Nyenyezi yokhala ndi pulaneti iyandikira ndi kuchoka mosinthanasinthana, choncho timizere take tipita uku ndi uku mosaphonya nthawi. Koma kwa pulaneti longa Jupiter kusenderako ndi gawo limodzi mwa magawo 24 miliyoni, monga kuzindikira kuti msewu wa makilomita 24 watalika ndi milimita imodzi. Ntchito yonse ya zaka zambiri inali yopanga chipangizo chokhoza kuona milimita imeneyo.

Amene anafuna osapeza

Panali munthu mmodzi amene analoza njira yachidule anzake asanaiganize. Mu 1952 Otto Struve, katswiri wa nyenyezi wobadwira ku Kharkiv amene ankagwira ntchito ku America, analemba kankhani kakafupi m'magazini yotchedwa The Observatory. Iye ankadziwa kuti nyenyezi zina zikhala ziwiriziwiri, zozungulirana pafupi kwambiri, ndipo anafunsa chimene chingaletse pulaneti kuchita chomwecho. Anawerengera kuti pulaneti lolemera ngati Jupiter, litakhala pa gawo limodzi mwa magawo 50 a mtunda wa pakati pa Dziko Lapansi ndi Dzuwa, likanazungulira m'tsiku limodzi, n'kugwedeza nyenyezi yake pa mamita 200 pa sekondi. Ananenanso kuti likamapita patsogolo pa nyenyeziyo likanachepetsa kuwala kwake pang'ono. Njira ziwiri zonse zimene zinadzapambana pambuyo pake zinali m'kankhani kameneka, koma omvera anali ochepa.

Chimene chinamveka kwambiri chinali china. Mu 1963 Peter van de Kamp, wa ku Sproul Observatory ku America, analengeza kuti waona kugwedezeka kwa nyenyezi ya Barnard pa zithunzi zimene anajambula kwa zaka zambiri. Mabuku analemba za pulaneti lakelo ngati chinthu chodziwika. Koma mu 1973 akatswiri ena, poyesa ndi matelesikopu ena, sanapeze kanthu, ndipo kunaoneka kuti chimene chinasuntha ndi galasi la telesikopu yake, pa nthawi zimene ankaikonza. Kuyambira pamenepo ntchito yofuna mapulaneti inakhala ndi mbiri yoipa, ndipo wophunzira wofuna dzina labwino ankaitalikira.

Ngakhale zinali choncho, Bruce Campbell ndi Gordon Walker a ku Canada anailowa. Kuyambira 1980 kufikira 1992 anayesa nyenyezi 21 ndi telesikopu ya pa phiri la Mauna Kea ku Hawaii, napyoletsa kuwala kwake mu mpweya wakupha wa hydrogen fluoride kuti ukhale rula yawo. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anthu awa anadekhadi zaka 12, koma nkhono sinawatulutsire maso bwinobwino. Mu 1988 anaona chizindikiro pa nyenyezi ya Gamma Cephei, mu 1992 Walker anachikayika nabweza mawu, ndipo mu 2003 akatswiri ena anatsimikiza kuti pulanetilo lilipodi. Nkhani yawo ili yomvetsa chisoni, pakuti chipangizo chawo chinali chabwino, ndipo mantha awo anali mantha a anthu oona mtima.

Ku Lick Observatory ku California, Geoffrey Marcy ndi Paul Butler anayamba ntchito yomweyo mu 1987, ndi nyenyezi zoposa 100. Kuwerengera zoyesa zawo kunkadya maola ambiri a kompyuta, motero zambiri anangoziunjika kuti adzazione m'tsogolo. Panalibe chowafulumiza, pakuti wofuna pulaneti la zaka 12 ayenera kudikira zaka 12. Apa ndi pamene chizolowezi cha maganizo chinabisa chinthu. Mlendo wofika pamudzi kamodzi pa miyezi itatu, tsiku lililonse limene wapeza mpata, nthawi zina adzapeza anthu ali piringupiringu, nthawi zina ali zii, ndipo sadzadziwa kuti pamudzipo pakhala msika Lachinayi lililonse. Momwemonso kugwedezeka kwa masiku owerengeka, kukayesedwa mwa apo ndi apo, kuoneka ngati chisokonezo cha chipangizo kwa munthu amene sali kukuyembekezera.

Mu 1992 Aleksander Wolszczan ndi Dale Frail anapeza mapulaneti ozungulira chotsalira cha nyenyezi imene inaphulika kalekale. Chinali chinthu chodabwitsa, koma funso la nyenyezi zamoyo zonga Dzuwa linatsala chikhalire.

Nyenyezi ya 51 Pegasi

Michel Mayor, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Geneva ku Switzerland, anali atatha zaka zambiri akuyesa nyenyezi zokhala ziwiriziwiri, zina mwa izo zozungulirana m'masiku ochepa, kotero diso lake silinazolowere kuyang'ana zaka 12 zokha. Iye ndi akatswiri a ku France anapanga chipangizo chatsopano chotchedwa ELODIE, nachilumikiza ku telesikopu ya galasi la mamita 1.93 ku Observatoire de Haute-Provence, kumwera kwa France. Telesikopuyo siinali yaikulu poyerekeza ndi zina za masiku amenewo, koma chipangizocho chinkazindikira liwiro la mamita 13 pa sekondi, ndipo chinali ndi ubwino wina woposa: chinkapereka yankho usiku womwewo, patangopita mphindi zochepa. Mu 1994 Mayor ndi wophunzira wake Didier Queloz, wa zaka 28, anayamba kuyesa nyenyezi 142.

Imodzi mwa izo inali 51 Pegasi, nyenyezi yofanana kwambiri ndi Dzuwa, imene kuwala kwake kutha zaka pafupifupi 50 kuti kufike kuno. Queloz anayamba kuiyesa mu Seputembala 1994, ndipo posakhalitsa Mayor anapita ku Hawaii kwa miyezi ingapo, namsiya yekha. Manambala a nyenyeziyo sanakhazikike. Lero akwera, mawa atsika. Mnyamatayo poyamba sanakondwe ayi, anachita mantha, poyesa kuti malangizo amene iye mwini analembera kompyuta ali ndi cholakwa. Anafufuza, nayesanso nyenyezi zina, napeza kuti izo zili phe. Tsono anaibwerera 51 Pegasi usiku ndi usiku, kufikira anaona kuti kukwera ndi kutsikako kubwereza masiku 4.23 alionse.

Asanatsimikize, nyengo inasintha, ndipo nyenyeziyo inalowa m'kuwala kwa Dzuwa osaonekanso usiku. Chimene anachita awiriwa pa miyezi yodikirayo ndicho choyenera kuti mphunzitsi achisunge. Sanathamangire kulengeza. Anawerengeratu liwiro limene nyenyeziyo iyenera kudzakhala nalo pa masiku a m'tsogolo ngati pulanetilo lilipodi, ndipo itaonekanso mu Julaye 1995 anabwerera ku telesikopu kukaona ngati idzamvera. Inamvera usiku uliwonse.

Manambala ake anali awa. Nyenyeziyo igwedezeka pa mamita oposa 55 pa sekondi, ndiwo makilomita 200 pa ola, kuposa kanayi mmene Jupiter agwedezera Dzuwa. Chogwedezacho chilemera pafupifupi theka la Jupiter, kapena kuposapo, ndipo chili pa makilomita osakwana 8 miliyoni kuchokera ku nyenyezi yake, kuyandikira kasanu ndi kawiri kuposa Mercury. Pa bwalo la sukulu lija, chipatso cha masau chichoka pa mamita 123 n'kudzakhala pa mita imodzi ndi pang'ono kuchokera pa mpira. Chaka chake chikayamba Lolemba ana polowa m'kalasi, chitha Lachisanu masana poweruka. Kutentha kwake kuli pafupifupi madigiri 1,000 Celsius, monga m'kati mwa uvuni wootchera njerwa.

Mayor analengeza zimenezi pa msonkhano wa akatswiri ku Florence, ku Italy, pa 6 Okutobala 1995, ndipo ambiri sanakhulupirire. Ichi n'chiyani, n'kulinga muli awiri. Marcy ndi Butler, amene 51 Pegasi siinali pa mndandanda wawo, analozetsa telesikopu yawo kumeneko kwa masiku anayi mwezi womwewo, napeza kugwedezeka komweko. Pamenepo anathamangira ku mulu wa zoyesa zawo zakale. Mu Januwale 1996 analengeza mapulaneti awiri, ndipo chaka chomwecho chisanathe anapezamo ena atatu oyenda pafupi: la Tau Boötis la masiku 3.3, la Upsilon Andromedae la masiku 4.6, ndi la 55 Cancri la masiku pafupifupi 15. Zizindikiro zake zinali m'nyumba mwawo kwa zaka. Mapulaneti a mtundu uwu anapatsidwa dzina la Chingerezi lotanthauza kuti ma Jupiter otentha.

Otsutsa, ndi umboni wachiwiri

Okayika anali ndi mfundo ziwiri, ndipo zonse zinali zoyenera kufunsidwa. Yoyamba inali yakuti njira ya Doppler iyesa kuyandikira ndi kuchoka kokha. Ngati njira ya chozunguliracho ili yopendekeka kwa woyang'ana, mbali ina ya liwiro ibisika, ndipo chinthucho chikhoza kukhala cholemera kwambiri kuposa mmene chionekera, mwina kanyenyezi kakang'ono osati pulaneti. Yachiwiri inadza mu 1997 ndi David Gray wa ku Canada, amene anati nyenyeziyo ili kungotupa ndi kuphwa yokha, ndipo n'chimene chisuntha timizere tija. Akatswiri anayesanso mosamala, ndipo mu 1998 Gray mwini, ataona zoyesa zatsopano, anavomera kuti chizindikiro chimene anadalira palibe.

Chimene chinathetsa makani ndi njira yachiwiri ya Struve. Pulaneti loyandikira kwambiri nyenyezi yake lili ndi mwayi waukulu, pafupifupi umodzi mwa khumi, wakuti njira yake ipite pakati penipeni pa nyenyeziyo ndi Dziko Lapansi. Zikatero, inswa ija ipita patsogolo pa nyali, ndipo nyali ithima pang'ono. Mu 1999 David Charbonneau ndi Timothy Brown, ali ku Boulder m'chigawo cha Colorado, anayang'ana nyenyezi ya HD 209458, imene inali itadziwika kale kuti igwedezeka masiku 3.5 alionse. Telesikopu yawo inali ya galasi la masentimita 10 okha, locheperapo ndi mbale ya ndiwo. Pa nthawi yomwe anayembekezera, kuwala kwa nyenyeziyo kunachepa ndi magawo oposa pang'ono limodzi ndi theka mwa 100, kunakhala chomwecho maola atatu, n'kubwereranso. Gregory Henry, ndi telesikopu ina ya ku Arizona, anaona chomwecho chaka chomwecho.

Umboni uwu unali wolemera, chifukwa kuchepa kwa kuwala kuuza kukula kwa chinthu chophimbacho, ndiponso kusonyeza kuti njira yake siili yopendekeka, motero kulemera kwake kwenikweni kudziwika. Pulaneti la HD 209458 lilemera magawo awiri mwa atatu a Jupiter, koma m'mimba mwake limposa Jupiter ndi gawo limodzi mwa atatu. Chinthu chachikulu chotero ndi chopepuka chotero sichingakhale mwala kapena nyenyezi; chipepuka kuposa madzi pafupifupi katatu, ndipo chiyenera kukhala mpweya. Mu 2001 telesikopu ya Hubble, imene ili m'mlengalenga, inazindikira sodium mu mpweya wa pulanetilo, poyesa kuwala kwa nyenyezi kopyola m'mphepete mwake.

Mapulaneti amenewa ali malo oopsa. Mphamvu yokoka ya nyenyezi iwagwira kuti aionetse nkhope imodzi nthawi zonse, monga Mwezi uonetsa Dziko Lapansi nkhope imodzi. Mbali ina ndi usana wosatha, inayo usiku wosatha, ndipo pakati pake pawomba mphepo zaukali. KELT-9b, lolengezedwa mu 2017, litentha madigiri 4,300 ku mbali ya usana, kuposa nyenyezi zambiri. WASP-12b lizungulira m'maola 26, ndipo chaka chakecho chili kufupika pang'onopang'ono, kusonyeza kuti m'zaka mamiliyoni owerengeka lidzagwera m'nyenyezi yake.

Anafikako bwanji?

Ngati chimphona sichingabadwire pamalo potentha, ndiye kuti chinachita kusamukirapo. Chochititsa manyazi pang'ono n'chakuti ichinso chinali chitalembedwa kale. Mu 1980 Peter Goldreich ndi Scott Tremaine anawerengera kuti pulaneti lokhala m'kati mwa mtambo wonga lichero uja likokana ndi mpweya wa mumtambomo, ndipo njira yake ikhoza kusintha msanga. Mu 1996 Douglas Lin, Peter Bodenheimer ndi Derek Richardson anagwiritsa ntchito ganizo limeneli pa 51 Pegasi: pulanetilo linabadwira kutali kozizira monga mwa chiphunzitso chakale, koma mtambo usanathe linatsetserekera m'kati, monga tsamba logwera pa madzi ozungulira liyandikira pakati ulendo uliwonse.

Ilipo njira inanso, yachiwawa. Zimphona ziwiri kapena zitatu zikabadwa moyandikana zikokana, kufikira china chiponyedwa m'njira yaitali yopapatiza imene ipita pafupi zedi ndi nyenyezi. Ndipo ulendo uliwonse popita pafupipo nyenyezi ichikanya ngati ufa wa mandasi, nichichotsera mphamvu, mpaka njirayo ifupika n'kukhala yozungulira bwino. Umboni wakuti zotere zichitikadi unadza mu 2009, pamene pulaneti la WASP-17b, lopezeka ndi makamera a ku Sutherland ku South Africa, linaoneka kuti liyenda mobwerera, motsutsana ndi mmene nyenyezi yake itembenukira. Tsamba lotengedwa ndi madzi siliyenda motsutsana ndi madziwo. Akatswiri akali kutsutsana kuti mwa njira ziwirizi yochuluka ndi iti.

Nkhani iyi ikhudza Dziko Lapansi. Chimphona chosamukira m'kati chipyola pamalo pamene mapulaneti aang'ono a miyala akhala, ndipo chikhoza kuwamwaza kapena kuwameza. Kwaoneka kuti ma Jupiter otentha ambiri akhala okha, opanda anansi pafupi. Jupiter wa banja la Dzuwa akanayenda ulendo wotere mpaka kumapeto, n'kovuta kuona mmene Dziko Lapansi likanatsalira pamalo pake pofunda bwino, pamene madzi sauma ndiponso saundana.

Mphunzitsi achenjere ndi cholakwa chimodzi pofotokoza zimenezi. Popeza mapulaneti ambiri oyamba kupezeka anali zimphona za pafupi, munthu akhoza kuyesa kuti ndiwo ochuluka kuthambo. Sizili choncho. Msodzi woponya ukonde wa maso aakulu agwira chambo chokha, koma sanganene kuti m'nyanja mulibe usipa. Zimphona za pafupi zinayamba kugwidwa chifukwa zigwedeza nyenyezi kwambiri, zibwereza msanga, ndipo ziphimba kuwala kochuluka. Powerenga bwino, nyenyezi yonga Dzuwa imodzi yokha mwa 100, kapena kucheperapo, ndiyo ili nacho chimphona chotere. N'chifukwa chake nyenyezi 21 za Campbell ndi Walker zinalibe ngakhale chimodzi. Telesikopu ya Kepler, imene inaponyedwa m'mlengalenga mu 2009 nigwira ntchito kufikira 2018, inali ukonde wa maso aang'ono. Inayamba ndi kuyang'anira nyenyezi pafupifupi 150,000 nthawi imodzi, nipeza mapulaneti oposa 2,600, ndipo ochuluka mwa iwo anali a msinkhu wa pakati pa Dziko Lapansi ndi Neptune, mtundu umene m'banja la Dzuwa mulibe ndi limodzi lomwe. Mu Malichi 2022 chiwerengero cha mapulaneti otsimikizika a nyenyezi zina chinapitirira 5,000. Mayor ndi Queloz analandira mphotho ya Nobel mu 2019.

Maina onga HD 209458 ali manambala a m'kaundula, ndipo bungwe la International Astronomical Union nthawi zina lipempha anthu wamba kuti apereke maina enieni. Mu 2015 nyenyezi ya 51 Pegasi inatchedwa Helvetios, pokumbukira mtundu wakale wa anthu a ku Switzerland, ndipo pulaneti lake linatchedwa Dimidium, liwu la Chilatini lotanthauza theka, chifukwa cha theka la Jupiter lija. Mu 2019 maiko ambiri anapatsidwa nyenyezi imodziimodzi kuti aitche dzina pamodzi ndi pulaneti lake. A ku Zambia anatcha nyenyezi ya HD 85390 kuti Natasha, ndi pulaneti lake kuti Madalitso. Ili si la pafupi ayi, pakuti chaka chake chiposa zaka ziwiri, koma ophunzira za chilankhulo adziwe kuti liwu la Chinyanja lili m'kaundula wa kuthambo.

Nyenyezi ya 51 Pegasi ioneka ndi maso ku Malawi, ngakhale movutikira. Chakumapeto kwa Okutobala, cha m'ma 9 koloko usiku, munthu akayang'ana kumpoto nakweza maso adzaona nyenyezi zinayi zowala zopanga chibwalo chachikulu cha ngodya zinayi. Ziwiri za kumanzere, ndiko kumadzulo, ndizo Markab pamwamba ndi Scheat pansi. Pakati pa ziwirizi, kusendera kumanzere ngati chala chimodzi cha mkono wotambasula, pali kanyenyezi kozimiririka, ndipo ndiko. Pafunika usiku wopanda Mwezi ndi malo otalikira magetsi. Utsi wa lupsa wa nyengo imeneyo ukhoza kukabisa. Wolephera mu Okutobala ayesenso mu Novembala mvula yoyamba itatsuka mlengalenga, ndipo ayambe cha m'ma 7 koloko, pakuti nyenyezi zifulumira ndi maola awiri mwezi uliwonse.